Lachinayi limene ndinalowa m'tchalitchi cha azakhali

## M'siwa

Bambo anga atamwalira, maliro tinachezera kumudzi, ku Dedza. Unali mwezi wa Juni, ndipo amene munagonako ku Dedza nthawi imeneyo mukudziwa mmene mphepo yake imalowera m'mafupa. Amuna tinali panja titazungulira chitsa chamoto, amayi ali m'siwa. Anayamba kuimba ndi amayi a Chigwirizano, monga zimakhalira pa maliro a mkulu wa mpingo. Anaimba kuyambira chisisira mpaka mawu anasasa.

Cha m'ma 11 koloko kunakhala kachete pang'ono. Kenaka inamveka nyimbo ina, yodekha, yobwerezabwereza, imene sindinaimvepo m'tchalitchi mwathu. Anali amayi a mphakati wa azakhali anga, Akatolika. Iwowo atatopa analandira ndi anyamata a Seventh Day a kutsidya kwa dambo, opanda ng'oma, opanda chisekese, mawu okhaokha olukana bwino. Anapatsirana choncho mpaka tambala woyamba, ndipo palibe anafunsa mnzake kuti khadi yake ya mpingo ndi yotani.

Ndili pachitsapo, chinthu china chinandilowa mumtima ndipo sichinachoke mpaka lero. Kupemphera limodzi usiku ife timakudziwa bwino, sitifuna wotiphunzitsa. Nanga bwanji timadikira kuti pakati pathu pagone mtembo?

## Adachi ndi Aroma

Kwathu mpingo sunali chinthu chosankha, unali ngati mfunda. Amishoni a Dutch Reformed, otchedwa Adachi, anafika ku Mvera mu 1889, ku Nkhoma mu 1896. Ansembe a Chikatolika a White Fathers, otchedwa Aroma, anamanga ku Mua mu 1902. Kuyambira pamenepo midzi ya m'dera lathu inagawika malinga ndi amene anayamba kuzika sukulu. Agogo ankasimba kuti mphunzitsi wa Adachi ndi mphunzitsi wa Aroma ankalimbirana ana ngati mbalame pa mapira, ndipo mfumu ikalola mmodzi, winayo ankadutsa m'mudzimo osapempha ngakhale madzi akumwa.

Ife tinali a Nkhoma, mpingo wa CCAP wochokera kwa Adachi. Azakhali, mlongo wawo wa bambo, anakwatiwa ndi Mkatolika natsatira amuna awo. Bambo sanawanyoze, sanawasale. Chimanga chikachepa ankawatumizira, mwana akadwala ankathamanga ndi njinga. Koma m'tchalitchi mwawo sanapondemo phazi, ngakhale pa ubatizo wa ana. Ine ndinakula ndikudziwa kuti Aroma amagwadira mafano ndipo amapembedza Mariya. Palibe anakhala nane pansi kundiphunzitsa zimenezi. Ndinangozipuma ngati utsi wa m'khitchini.

## Ndinangoti ndiwaperekeze

Patapita zaka ziwiri chimwalirire bambo, azakhali anabwera ku Lilongwe kudzakhala ndi mwana wawo wamkazi, msuweni wanga, chifukwa cha matenda a kuthamanga kwa magazi. Maso nawonso anali atayamba kuchita nkhungu. Lachinayi la sabata ya Pasaka, msuweni anandiimbira foni. "Msuweni, amayi akakamira Misa ya madzulo ano. Ine ndikhala ku kwaya, sinditha kuwagwira dzanja. Tabwerani mudzawaperekeze."

Ndinavomera, koma mumtima ndinali nditakonza kale: ndikawasiya pakhomo, ndikhale panja, akatuluka ndiwatenge. Titafika, panali masitepe anayi onyowa ndi mvula ya masana. Azakhali anandigwira pamkono kuti akwere. Titamaliza masitepewo sanandisiye. Anaviika zala m'kambale ka madzi ka pakhomo, anadzilemba chizindikiro cha mtanda, dzanja linalo likadali pamkono panga, n'kundikokera m'kati ngati mmene amakokera mwana wopita ku sikelo. Kuti ndiwachotse dzanja pamaso pa anthu ndinaona kuti n'chipongwe. Ndinalowa.

Choyamba kundilandira chinali fungo la lubani. Chachiwiri, manyazi. Anthu akagwada ine ndaima, akaima ine ndakhala. Wansembe akanena mawu, tchalitchi chonse chikuyankha pamodzi, ine kukamwa pululu. Ndine munthu wophunzitsa Sande sukulu, wozolowera kudziwa chotsatira, koma tsiku limenelo ndinali wosadziwa kanthu kuposa kamwana kamene kanali pabenchi yakutsogolo.

Ataimba nyimbo yolemekeza Mulungu kumwamba, mabelu onse analira nthawi imodzi, ng'oma ndi visekese zili pakati, amayi akululutira. Nyimboyo itatha azakhali anandinong'oneza kuti, "Wawamva mabeluwo? Salizanso mpaka Loweruka usiku." Ndipo zinaterodi. Pamene pankafunika belu, mnyamata wotumikira ankangogogoda kathabwa, go, go, kouma ngati munthu akukhoma bokosi.

Mawu oyamba anachokera pa Eksodo 12, za mwanawankhosa ndi magazi a pamphuthu. Pamene Buku Lopatulika la 1922, limene ndinakulira nalo, limati Yehova, wowerengayo ankati Chauta. Ndinadzamva pambuyo pake kuti amawerenga Buku Loyera, limene linatuluka mu 1998, ndipo analimasulira pamodzi akatswiri a Chikatolika ndi a mipingo ina. Ndinali ndisanaligwirepo. Kenaka 1 Akorinto 11, ndime zomwezija abusa athu amawerenga pa Mgonero uliwonse, zimene ndingathe kuzinena ndili m'tulo. Kenaka Yohane 13.

## Beseni

Yohane 13 ndaiphunzitsa kwa ana kosawerengeka. Ndimajambula beseni pabolodi, ndimafunsa kuti Petro anati chiyani, ana amayankha, timaimba, timabalalika. Koma ndinali ndisanaonepo munthu akuichita.

Ulaliki utatha anaika benchi kutsogolo, panakhala anthu khumi ndi awiri, amuna ndi akazi. Msuweni anandiuza tsiku lina kuti kale ankasankha amuna okhaokha, mpaka Papa Francis anasintha lamulolo mu 2016. Bambo mfumu anavula chovala chawo chapamwamba chonyezimira chija, anamanga thaulo m'chiuno, anagwada pasimenti. Mnyamata wina anagwira jagi, wina beseni la pulasitiki, lofanana ndi limene timatsukira mbale kunyumba.

Ife tinali pabenchi yachitatu, choncho ndinaona zonse. Wachisanu pamzerewo anali nkhalamba ina ya jekete lalikulu kuposa thupi lake. Inali itavala patapata, ndipo inayenda m'matope kubwera kutchalitchi. Zidendene zake zinali ndi ming'alu yakuya, zikhadabo zokhuthala, zachikasu. Wansembe atafika pa iyo, nkhalambayo inabweza phazi kulibisa kunsi kwa benchi. Sinali sewero ayi, inachitadi manyazi. Wansembeyo, munthu wamng'ono woti akanakhala mdzukulu wake, anadikira osanena kanthu, manja ali m'mwamba ngati wopempha. Kenaka anapisa dzanja kunsi kwa benchi, analitulutsa phazilo pang'onopang'ono, naliika m'beseni. Sanangothira madzi pamwamba ngati mwambo. Anatsuka ndi chala chachikulu pakati pa zala zonse, madzi anasanduka ofiira ndi dothi la Lilongwe. Anapukuta, naweramitsa mutu wake mpaka unakhudza phazilo.

Nkhalamba ija inaphimba nkhope ndi chipewa chake.

Mapazi amenewo ndinawadziwa. Anali ngati a bambo, amene anathera zaka makumi atatu akuzungulira milaga, kuyendera odwala ndi ofooka, njinga ikafa n'kumayenda pansi. M'masabata awo omaliza kuchipatala ndinawagulira mankhwala, ndinalipira zonse zofunika, koma mapazi awo sindinawagwire. Ankawasambitsa ndi amayi ndi azakhali omwewa. Ine ndinkatuluka kukaima pakhonde, ndikudziuza kuti ndi ulemu. Pabenchi paja ndinalira, ndipo azakhali anamva, chifukwa anandisisita pabondo osatembenuka.

## Amene tinatsala pabenchi

Nthawi ya Ukaristia itakwana, azakhali anati, "Bambo, iwe ukhale pompano, ndibwera." Mayi wina anawagwira dzanja, mzere unayamba. Mabenchi anakhuthuka limodzi limodzi mpaka ndinatsala poyera ngati chitsa m'munda wolima.

Sindikubisirani, zinandiwawa. Mphindi zochepa zapitazo ndinali nditamva mawu omwewo amene timamva kwathu, a mkate woperekedwa chifukwa cha inu, ndipo tsopano mawu oti inu aja sanandiphatikize. Ndine wobatizidwa, ndinalowa kalasi zaka zonse zofunika, sindinadulidwepo. Mtima unayamba kunena kuti, waona, bambo ankadziwa chimene ankachita.

Nditacheuka ndinaona kuti sindinali ndekha. Kumapeto kwa benchi yathu kunali mayi wachitsikana ndi mwana kumsana, naye atakhala, maso ali pansi. Kumbuyo kunali bambo wina wa tayi. Awa sanali alendo, mayankho onse ankawadziwa. Chimene chinawaletsa ndi chawo ndi Mulungu wawo, koma nkhope zawo ndinazizindikira. Ndinaziona kwathu Lamulungu lililonse la Mgonero, pamene a kalasi ndi odulidwa amatsala kumbuyo, akulu a mpingo akuyang'ana makadi. Mmodzi mwa oyang'ana makadiwo anali bambo anga. Ndinakula ndili m'kati mwa mpanda umenewo, osadzifunsa n'kamodzi komwe kuti wotsala kunja amamva bwanji m'mimba. Ndinafunika kupita kwa eni ake ena kuti ndikalawe.

Akatolika ali ndi chifukwa chawo. Kwa iwo mkate uja wasandukadi thupi la Khristu, ndipo kuulandira n'kuvomera chikhulupiriro chonse cha mpingo wawo. Ine sindikhulupirira choncho, ndipo kupita pamzere paja kukanakhala kunama. Ndikumvetsa. Koma kumvetsa sikunachotse kuwawa, ndipo ndikuganiza kuti sikuyenera kukuchotsa.

## Kuchezera

Ndinkayembekeza mdalitso, zolengeza, nyimbo yotulukira. Sizinabwere. Wansembe ananyamula mkate wotsala, atauphimba ndi nsalu, n'kuyenda nawo pang'onopang'ono kupita pakaguwa kena kam'mbali kokongoletsedwa ndi maluwa ndi makandulo. Atabwerako, iye ndi anyamata aja anayamba kuvula guwa lalikulu. Nsalu zonse, makandulo, maluwa, buku, chilichonse. Linatsala gome lamaliseche. Anazimitsa magetsi ambiri. Anthu ena anatuluka mwakachetechete, osapatsana moni, ena anasendera kufupi ndi kaguwa kaja n'kugwada.

"Tikupita?" ndinafunsa.

"Iyayi. Mphakati wathu ndi woyamba. Tichezere nawo Ambuye pang'ono, ali m'munda."

Mawu amenewo anandigunda. Kuchezera. Mawu omwe aja a m'siwa, omwenso Yesu anapempha ophunzira ake ku Getsemane, iwo n'kugona. Anthuwa anali atakonza maliro a munthu amene anali asanafe, kuti asakhale yekha usiku wake womaliza.

Tinakhala ola lathunthu. Nthawi zina wina ankayambitsa nyimbo yapansipansi, nthawi zina kolona, koma nthawi yambiri kunali zii. M'tchalitchi mwathu chete akapitirira mphindi imodzi timayamba kuyang'anana kuti waiwala pulogalamu ndani. Mphindi khumi zoyamba ndinavutika. Ndinamva udzudzu, ndinamva bondo, ndinaganiza za lendi. Kenaka zonsezo zinakhazikika ngati matope m'ndowa, ndipo ndinapezeka ndikulankhula ndi Mulungu za bambo, zinthu zimene sindinanene ngakhale pamanda. Kuona maso a nkhono n'kudekha, akuluakulu sananame.

Kolonayo sindinanene nawo, ndipo mpaka lero sindinena. Koma ndinayang'anitsitsa azakhali atagwada, milomo ikugwedera, ndipo chimene ndinaona sichinali munthu wopembedza chosema. Ndinaona nkhalamba imene ikumudziwa Yesu kuposa ine.

## Pansi pa mtengo wa mango

Tinatuluka cha m'ma 9 koloko. Makabaza anali atatha, tinayenda pansi, ine ndikuunika ndi tochi ya foni, iwo akuponda mosamala popewa zithaphwi. Titayenda kanthawi anaseka chapansipansi.

"Ukudziwa kuti alongo anga ankandiperekeza chonchi?"

Ndinaima. "Bambo?"

"Eya. Bambo a ana anga atamwalira, ndani akanandiperekeza usiku? Chaka chilichonse Lachinayi ngati lalero ankabwera ndi njinga, kundikweza mpaka kutchalitchi. Iwo n'kukhala pansi pa mtengo wa mango uli panja paja, ndi chikhoti chawo chija, mpaka nditatuluka. Mvula, mphepo, ali pomwepo. Ndikati lowani, ankati, mlongo, ine ndine mkulu wa mpingo, anthu adzati chiyani. Koma pobwerera ankandifunsa kuti, lero anawerenga pati?"

Zimenezi kunyumba sankazinena. Tinkangodziwa kuti apita kukaona azakhali.

Ndaganiza kwambiri za munthu ameneyu, atakhala mumdima, nyimbo zikumupeza kudzera pawindo. Sindimuweruza. Anayenda mpaka pamene nthawi yake inamulola, ndipo unali mtunda wautali kuposa umene anzake ambiri anayenda. Panangotsala masitepe anayi.

## Madzulo ena

Kuyambira pamenepo ndinayamba kuyenda. Lamulungu m'mawa ndili kwathu, ndi ana anga a Sande sukulu, ndipo sindinajombepo. Koma madzulo ndi anga. Ubwino wa mapemphero a madzulo ndi umenewu: susowa kuthawa kwanu kuti ukaone kwa anzako. Komanso madzulo anthu amakhala ochepa, mayunifolomu ndi masuti atsala kunyumba, amabwera ndi fumbi la kuntchito. Mpingo umauona mmene ulili, ngati kupeza mayi ali kukhitchini osati pa chithunzi cha ukwati.

Lachisanu lina mnzanga wa kuntchito ananditengera kwa a Seventh Day kukalandira Sabata. Mpingo wawo uli m'dziko muno kuyambira 1902, ku Malamulo, koma ine ndinkangowadziwa ngati anthu osadya nkhumba. Tinali anthu osakwana makumi atatu. Dzuwa likulowa anaimba nyimbo zitatu, mkulu wina anawerenga salimo, ndipo ndinaona mapewa a anthu akutsika. Mayi wina wogulitsa mumsika anazimitsa foni n'kuiponya m'chikwama ngati akutula mtolo wa nkhuni. Ife Lamulungu timalitcha tsiku lopuma, koma ndi misonkhano ya makomiti timabwerako titatopa kuposa Lolemba. Ndinawasirira.

Ndinapitanso ku ovanaiti ya mpingo wina wa Pentekosite. Kumeneko zina sizinandikomere. Zimkuzamawu zinali zoboola makutu, nkhani ya kufesa mbewu inabwera katatu usiku umodzi, ndipo alendo atatiimiritsa anatiitanira kutsogolo kuti tilandire Yesu, osafunsa ngati tinali naye kale. Ndinakhala pansi. Koma cha m'ma 2 koloko mnyamata wina ananena kuti watha zaka zinayi ali ndi digiri popanda ntchito, ndipo anthu anamuzungulira, kumutchula dzina, kumulirira ngati mwana wawo. Kwathu tikanati tikumbukire achinyamata osowa ntchito, pemphero la mzere umodzi, n'kupitirira. Ndinabwerako ndi mutu wopweteka ndiponso ndi funso loti ndi liti ndinapemphererapo munthu motero.

## Nkhani inafika kwa akulu

Lilongwe ndi mudzi. Sipanapite nthawi, mkulu wa mpingo wa dera lathu, munthu amene ndimamulemekeza ngati bambo, anandipatula titaweruka. "Aphunzitsi, tikumva kuti mwayamba kuyendayenda. Kodi chasowa n'chiyani kuno? Mukudziwa kuti ana amakuonerani."

Nkhawa yawo si yopanda pake. Aona achinyamata ambiri akuyamba ndi ovanaiti imodzi, mawa ali kwa mneneri, mkuja agulitsa katundu wa makolo. Mbusa aliyense amaopa akuba nkhosa. Ndinawauza kuti sindikusaka mpingo, ndili nawo kale. Chimene ndikusaka ndi abale anga amene ndakhala ndikuwanenera zinthu ndisanakhalepo nawo pansi. Ndinawakumbutsanso kuti CCAP yomweyi inabadwa chifukwa anthu anayenderana: a Livingstonia ndi a Blantyre anagwirizana mu 1924, a Nkhoma n'kulowa mu 1926, ngakhale amishoni awo anachokera kosiyana, ena ku Scotland, ena ku South Africa.

Anapukusa mutu. "Amenewo onse anali a chiphunzitso chimodzi. Aroma ndi nkhani ina."

Sindinawatsutse, chifukwa pamenepo ananena zoona. Kusiyana kulipo, ndipo si kwa mayunifolomu okha. Kuyenda kwanga sikunakufafanize, kwangondionetsa pamene kuli ndi pamene kulibe. Zambiri zimene ndinkaziyesa chiphunzitso zinali miseche ya agogo a agogo, yotsalira pa mkangano wa masukulu. Zenizeni zotsala n'zochepa, koma n'zolemera, ndipo cholemera koposa ndi gome lija.

## Lachitatu kunyumba kwanga

Mwezi watha mapemphero a mlaga anagwera kunyumba kwanga. Azakhali anali atabwera kudzacheza masiku awiri, ndipo ndinawauza kuti akhoza kupuma kuchipinda ngati afuna. Anandiyang'ana ngati ndawatukwana. Anamanga duku, anatenga mphasa, anakhala pakati pa amayi a Chigwirizano.

Magetsi anali atazima, tinayatsa kandulo imodzi pathebulo. Wotsogolera anali mkulu wa mpingo yemwe uja. Poyamba pemphero azakhali anadzilemba mtanda poyera, osabisa, ndipo ndinaona maso a anthu awiri atatu akutsatira dzanja lawo. Nyimbo zathu anaimba nawo zonse, pamtima. Ndinali nditaiwala kuti asanakwatiwe anakulira pabenchi imodzi ndi bambo.

Pomaliza, mkulu uja anakhala kaye chete, kenaka anati, "Tili ndi mlendo, mlongo wa malemu anzathu. Mayi, titsekereni ndi pemphero."

Azakhali anagwada movutikira, atagwira phewa langa. Anapempherera odwala, anapempherera mvula ya chaka chamawa, anatchula bambo ndi dzina lawo laubwana limene ine sindinalimvepo. Kenaka anayamba pemphero la Ambuye, ife n'kulowa nawo, mawu ena akusiyana apa ndi apo, tikupunthwa n'kupezananso. Atafika poti mutipulumutse ku zoipa anati Amen, pamene amalekezera kwawo. Ife tinapitirira ndi ufumu ndi mphamvu ndi ulemerero, monga tinazolowera. Iwo anadikira ali chigwadire mpaka titamaliza, n'kunenanso Amen kachiwiri pamodzi nafe.

Mkazi wanga anabweretsa tiyi ndi mbatata. Mkulu uja anasendeza mpando wake kufupi ndi mphasa, n'kuyamba kuwafunsa azakhali za dzina lija.